Kapini ka M'thumba

Galimoto yathu inayamba kulira gu-gu-gu kutsogolo tikangoponda kadzenje. Akazi anga, amene amayendetsa tsiku lililonse kupita kuntchito ndi kusiya mwana kusukulu, sanalingalire n'komwe. Anangoti ndi mabolojointi, tija timfundo togwirizitsa tayala ndi galimoto, ndipo tipite nayo kwa a Girizi.

A Girizi! Dzina limenelo limandiwawa ngati munga. Ndi makaniko wapagalaja yapamsewu waukulu, bambo wamtali, woseka ndi mano onse. Anaphunzira limodzi ndi akazi anga, ndipo ndinamva kwa alamu anga kuti kale anawafunsirapo. Anakanidwa, inde, koma chimene chimandipsetsa mtima n'choti mpaka lero akazi anga amati munthu ameneyu ali ndi manja. Manja! Nanga angawa ndi mapazi? Ine ndimagwira ntchito muofesi, kudinda mapepala, ndipo palibe tsiku limene manja anga anatamidwapo m'nyumba muno.

Ndinanena kuti ndisintha ndekha. Akazi anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundikumbutsa za mpopi wakubafa umene ndinaukonza mpaka madzi anafika kuchipinda chogona. Anati bolojointi ikazuka galimoto ili pa liwiro, tayala limagona chammbali, ndipo kumbuyo kumakhala mwana. Kenako anawonjezera kuti a Girizi ntchito imeneyi amaimaliza munthu asanamalize kumwa tiyi. Apo m'pamene anandipweteka. Ndisakubisireni, si chitetezo kapena luso zimene ndinkaganiza, inali nsanje basi.

Loweruka ndinagula mabolojointi awiri, ndinabwereka jeke ndi masipanala kwa aneba, n'kuvala ovolosi yakale. Foni ndinaitsamiritsa pa njerwa kuti ndizionera mmene ena amachitira. Mufoni zimaoneka zophweka, munthu amangogogoda kawiri chinthu n'kugwa chokha. Yanga inakana. Ndinamenya ndi hamala mpaka chala chinatupa, thukuta lili kamukamu, girizi mpaka m'makutu. Akazi anga ankasuzumira pawindo lakukhitchini, ndipo kawiri konse anafunsa ngati angaimbe foni kugalaja. Ndinayankha kuti akaimba ndikagona kwa aneba.

Mbali yakumanja ndinaimaliza bwinobwino. Ndinamanga nati, n'kulowetsa kapini kopanda pake kooneka ngati kawaya, kamene amakapinda miyendo kuti nati isamasuke. Mbali yakumanzere ndinafika nditatheratu, ndipo ndikumanga nati mwana anandiitana kuti ndikaone chithunzi chimene anajambula. Nditabwerera ndinangobwezera tayala, n'kutsitsa jeke. Ndinazungulira nayo kawiri pamsewu wathu, phokoso lonse zii. Ndinalowa m'nyumba chifuwa chili patsogolo, dala osasamba m'manja kuti awaone.

Lolemba m'mawa ananyamuka ndi mwana monga mwa masiku onse. Ine ndinatsala ndikusonkhanitsa zida za aneba, ndipo ndinati ndiponye ovolosi ija m'beseni. Popisa m'thumba, chinachake chinandibaya chala. Kapini. Katsopano, kowala, miyendo yake yosapinda.

Nati yakumanzere inalibe choigwira, ndipo msewu wopita kusukulu uli ndi chitsikireko chokhota chimene ngakhale mabasi amachiopa. Ndinaimbira akazi anga, foni inangolira pachabe, chifukwa akamayendetsa amaiika m'chikwama. Ndinaimbanso kanayi. Ndinasowa mtengo wogwira. Panjira yonseyo, chitsikireko chisanayambe, pali munthu mmodzi yekha amene akanatha kuwaimitsa, ndipo nambala yake ndinali nayo. Ndinaikopera mobisa mufoni mwa akazi anga chaka chatha, pa zifukwa zimene sindinyadira nazo.

Ndinaimba. Ndinadzitchula dzina, ndipo ndinawapempha a Girizi kuti athamangire kumsewu, aimitse galimoto yathu ikamadutsa.

"Mtima m'malo, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Galimoto ili pano pa jeke. Mayi akhala pabenchi ndi mwana. Kapini ndakaona kale kuti palibe."

Ndinakhala pansi pomwepo, pakhonde. Ndinathokoza Mulungu, koma kuthokozako kusanathe nsanje inabwereranso. Ndiye kuti akazi anga sanadikire n'komwe kuti china chilakwike. Anatuluka pageti akumwetulira, kundibayibitsa, n'kulunjika kwa munthu wa manja uja kuti akaone ngati mwamuna wawo sanawakonzere imfa. Ndipo choipitsitsa n'choti anachita bwino.

Tsiku lonse kuofesi ndinkadinda mapepala mozondoka. Ndinkawaona m'maganizo awiriwo atawerama pansi pa galimoto, iye akuloza pamene palibe kapini, iwo akupukusa mutu, onse akuseka. Ndinakonzekera kunyozedwa. Ndinakonzanso mawu obwezera, ofunsa kuti anayamba liti kupita kugalaja osandiuza.

Madzulo ndinamva galimoto ikulowa. Akazi anga anafika pabalaza, anaika chikwama pampando, n'kuima patsogolo panga ngati mwana wolakwa. Anavomera okha kuti anapita kwa a Girizi chifukwa ankaopa, ndipo anapepesa. Kenako anagwira dzanja langa, lija la chala chotupa, n'kulitembenuza.

"Bambo a mwana, ndinakuderani pachabe. A Girizi akuti afufuza paliponse sanapeze cholakwika. Akuti amene anamanga apa ali ndi manja."

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikudikira mawu amenewo. Afika lero, ndipo wandipatsa ndi munthu amene sindimufuna ngakhale kumuona, ngati mmene umaponyera fupa kwa galu wa eni. Akanandiseka ndikanadziwa pomugwira. Koma wandiveka nsalu pamaso pa mkazi wanga, ndipo kuti ndimuvule ulemu umenewo ndiyenera kudzivula ndekha.

Akazi anga anali akadasisita chala changa, akufunsa ngati chikupwetekabe. Ndinati pang'ono. Dzanja linalo linali m'thumba la buluku, litafumbata kapini kaja mpaka kanandiboola khungu.