Mkangano Pambali pa Bedi la Bambo

Achimwene anga awiri anabwera kuchipatala ndi Mabaibulo, sopo osabweretsa. Aakulu, omwe ndi abusa, ankati munthu akamwalira amapita kumwamba tsiku lomwelo, ngati wakuba uja wa pamtanda. Enawo, a mpingo wina, ankati ayi, akufa amagona mpaka tsiku lachiweruzo. Ankalozerana mavesi pamwamba pa miyendo ya bambo, ine ndikufinya thaulo m'beseni, msana ukuwawa.

Bambo anatsegula maso pang'onopang'ono.

"Ana inu," anatero motopa, "zimenezo ndikadzionera ndekha posachedwapa. Koma mlongo wanuyu sangathe kunditembenuza yekha. Muthandizeni."

Onse awiri anaimirira. Aliyense anagwira bambo ndi dzanja limodzi, linalo likusunga tsamba.