Dzuwa la pa Khoma la Saluni

Chimwalirireni mlongo wake, Wapenti sankajambula kanthu popanda kuikapo dzuwa likulowa. Wabutchala anapempha ng'ombe pachikwangwani chake, n'kulandira ng'ombe itaima kutsogolo kwa thambo lofiira psu. Wometa anapempha mitu yoonetsa masitayelo, koma kuseri kwa mutu uliwonse dzuwa linali likulowa. Ngakhale wogulitsa matayala sanapulumuke. Anthu ankangoseka n'kulandira, poti ankadziwa zomwe zamugwera, komanso kunena zoona, mkuluyu dzuwa ankalitha.

Koma dzuwa lomwe linkamusowetsa mtendere silinali lake. Linali pakhoma la saluni ya malemuyo, pamwamba pa sinki yotsukira tsitsi. Mlongo wakeyo analijambula yekha ndi utoto wotsalira m'zitini za achimwene ake. Linali lophwatalala mbali imodzi, utoto utayenderera mpaka pasoketi, ndipo mbalame ziwiri za pambali pake, ukapanda kuuzidwa, ukanaziyesa nsidze. Wapenti ankaliseka akabwera kudzacheza, mwini wake n'kumutulutsa ndi thaulo.

Tsopano saluni inali itatsekedwa. Telala wina anali pafupi kulowamo, ndipo eni nyumba ankafuna makoma oyera. Mlamu wake, mwamuna wa malemuyo, dalaivala wa basi wosakonda zoyankhulayankhula, anabwera ndi makiyi.

"Alamu, ntchitoyi ndikapatsa wina mudzandida. Ndikapatsa inu mudzandidabe. Ndiye ingolandirani makiyi."

Makoma atatu Wapenti anawamaliza mosavuta. Atafika pa lachinayi, rola yopakira utoto inamulemera. Kufufuta dzuwa lija kunali ngati kumuikanso m'manda mlongo wake wamng'ono uja, ndipo mtima unakana kwamtuwagalu. Anaganiza zoyamba walikopera pathabwa kuti akalipachike kunyumba.

Apa ndi pomwe ukatswiri unamuchita chipongwe. Thabwa loyamba, dzuwa linatuluka lozungulira bwinobwino. Lachiwiri analipotoza dala, koma linapotoka mwaulemu, moti munthu akanatha kuligula. Anayesa ndi dzanja lamanzere, anayesa atatsinzina, anayesa atakwiya. Mbalame zake zinkangotuluka mbalame basi.

Madzulo ena mlamu uja anadutsirako ataweruka, n'kupeza matabwa ali ndandanda m'mbali mwa khoma.

"Koma ndiye ndi okongolatu."

"Vuto lake ndi lomwelo, alamu! Zaka zonsezi ndakhala ndikuseka chinthu choti ine mwini sindingachithe."

Mlamu anayang'ana matabwa, anayang'ana khoma, kenako mapewa anayamba kumugwedezeka. Wapenti anali asanamuone akuseka chichokereni pamaliro.

"Inu mukujambula mutaima pansi ngati munthu wanzeru. Tsiku lomwe mlongo wanu ankalijambula munalipo?"

"Ayi."

"Ine ndinalipo. Mlongo wanu anakwera pampando uwo." Analoza mpando wozungulira wokhalapo makasitomala. "Burashi yake inali kaja kopakira dayi m'mutu. Wogwira mpando ndinali ine. Ndiye iye akuimba motsatira wailesi, ine ndikuseka, mpando ukutembenuka. Dzuwa likanazungulira bwanji?"

Anapeza kaburashi kaja m'dirowa, kali gwa ndi dayi wakale. Anakhomera thabwa latsopano m'mwamba pambali pa dzuwa lenilenilo. Wapenti, bambo wamimba yake, anakwawira pampando paja.

"Gwirani zolimba, alamu!"

"Ndagwira. Koma muziimba."

"Ndiimbe chiyani?"

"Iliyonse, bola muiphonye. Nayenso ankaphonya."

Wapenti anaiyamba ndi mawu ake a chitini chobowoka. Mlamu anapirira pang'ono, kenako anaphulika ndi kuseka, mpando n'kupotolokera kukhomo. Burashi inakhwekhwereza utoto wachikasu mpaka m'mphepete. Pobwerera, wofiira unadontha n'kuyenderera. Mbalame anazijambula akugwa, dzanja lina litakola kolala ya mlamu wake.

Atatsika, anaima onse awiri akupumira m'mwamba, n'kumayang'ana thabwa ndi khoma mosinthanasinthana.

"Ndi loipa," anatero mlamu.

"Loipa zedi. Zikomo, alamu." Wapenti anapukuta maso ndi mkono, n'kudzipaka chikasu pachipumi. "Ndamusowa mwana uja."

"Tonse."

Anazula thabwa lija n'kuliimika panja kuti liume. Kenako Wapenti anaviika rola mu utoto woyera, n'kuiyendetsa padzuwa la mlongo wake kuchokera pamwamba mpaka pasoketi, mlamu atamugwirira ndowa. Anabwerezanso kachiwiri. Koma utoto utayamba kuuma, kufiira kuja kunatulukiranso pansi pa zoyerazo, mopepuka koma mooneka.

"Mwaona? Akukana," anatero mlamu. "Makani aja simukuwadziwa?"

Wapenti anatseka ndowa, akumwetulira.

"Musiyeni apambane lero. Tibwere mawa tidzakangane nayenso."