Timabasi ta a Matayala

"Tsegulanitu a Matayala, mawondo atha ndi masitepe anuwa!"

A Matayala anabaya singano pansalu n'kudzikoka kupita kuchitseko. Mawuwo sakanawasokoneza ndi a munthu wina. Anali a Kondakitala, mnzawo amene ankayenda naye m'basi imodzi kuyambira onse tsitsi lili bii, wina pachiwongolero, wina pamatikiti.

"Kiyi ndilibe," anayankha. "Wapita naye kuntchito Mzime."

"Wakutsekerani?"

"Sananditsekere. Wangokiya chitseko."

Kuseri kwa chitseko kunamveka chikhakhali. "Kusiyana kwake kuli pati, bwana dalaivala? Inu munkatsekera anthu m'basi osawalola ngakhale kukataya madzi. Mwaona tsono, zakubwererani."

A Matayala anaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa pamano pokha.

Sitiroko inawagwetsa m'nyumba mwawo, mmene ankakhala okha chimwalirire akazi awo. Amene anawapeza ali gone pansi anali Mzime, mwana wawo wotsiriza, ndipo atatuluka m'chipatala mwanayo sanawafunse n'komwe. Anangowanyamula kukakhala nawo kwa iye ndi mwamuna wake, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni. Mwendo wamanja unatsala wokoka, dzanja lamanja lofumbata ngati la mwana amene waba shuga. Dokotala anati zala zisamakhale chabe. "Tsiku limene dzanja ili lidzamange mfundo palokha, mudzatha kudzisamalira," anatero. Ena onse anaiwala mawuwo asanatuluke pageti la chipatala. A Matayala anawaika pamtima.

Ndiye Mzime anagula zogulagula. Anabwera ndi botolo lalikulu lagalasi lobzalamo timaluwa ta masamba onenepa, nsalu zokhuthala zaubweya zosokera zidole, ulusi, ndi timitengo topangira zolendewera, zija amapachika pamwamba pa bedi la khanda kuti liziyang'ana. Poyamba bambowo zinawanyansa. Munthu wa magiya, wodziwa dzenje lililonse la pamsewu, azisoka zidole? Koma atakumbukira mawu a dokotala anatola singano. Inawabaya, inawapulumuka, anaitukwana, anaitolanso.

Pang'ono ndi pang'ono ntchitoyo inawalowa m'manja. Zidole za tiana ndi tizimbalangondo anazikana. Iwo ankadula timabasi, n'kusokerapo mabatani m'malo mwa matayala. Cholendewera amayambira pansi pochimanga. Umamangirira kabasi uku, kena uku, kenako n'kugoneka kamtengo pachala kufunafuna pamene kakhale osapendekera, ndipo mfundo imapita pomwepo. Kwa iwo zinali ngati kupakira katundu pamwamba pa basi: ukalemetsa mbali imodzi, pakona udzalira. Kudenga kwa chipinda chawo kunadzaza timabasi, koma tonse tinali duu, osayenda. Cholendewera chimafuna kamphepo, ndipo m'nyumbamo mphepo sinkalowa. Mazenera anawamanga ndi waya mkamwini wawo kuyambira tsiku limene a Matayala anasuzumira kunja mpaka m'chiuno, kukalipira dalaivala wina amene ankalephera kubweza lole m'mbuyo. Chitseko chinayamba kukiyidwa atawapeza ali pamasitepe, ati akukagula batire la wailesi.

"Taweramani, muone pansi apo," anatero a Matayala, uku akukankhira kabasi kofiira pansi pa chitseko.

A Kondakitala anawerama n'kukatola.

"Mwasoka ndinu aka? Ndi dzanja lija?"

"Lomwelo."

"Mpaka kagalasi koonera m'mbuyo! Nanga kondakitala ali kuti? Mwandisiya pasiteji?"

"Kondakitala wogona panjira sindimuikamo."

"Ndiye mwachiratu, achimwene. Mukudikira chiyani? Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Muuzeni mwanayo."

"Ndimuuza lero. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Ndikufuna ndikagone pabedi langa, ndizikhosomola mmene ndafunira popanda wina kundithamangira ndi mankhwala."

A Kondakitala anachita ngati atsamwa. "Za kwanu kuja, Mzime sanakuuzeni kanthu?"

"Kanthu kanji?"

"Ayi, ndangofunsa. Ndapita ine, kucheza ndi chitseko kwanditopetsa."

Madzulo atatha kudya, a Matayala anatulutsa cholendewera chachikulu kuposa zonse, cha timabasi tamitundumitundu, nachikoleka pamsomali wa pabalaza, pafupi ndi chitseko. Kenako anatenga ulusi n'kumanga mfundo ndi dzanja lamanja, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone.

"Waona, mwanawe? Dokotala uja anati..."

"Ababa!" Mzime anaomba m'manja, foni ili kale m'mwamba kujambula. "Anzanga kuntchito akulirira zimenezi. Wina ali ndi khanda, wina akufuna cha mwana wa mchemwali wake." Anakodola mwamuna wake, amene anatuluka kuchipinda atasenza katoni yaikulu. "Taonani, nsalu za mitundu yonse. Tebulo lalikulu likubwera, tidzaliika pazenera kuti muziona bwino."

"Apongozi, mwapeza ntchito yachiwiri," anatero mkamwini akuseka. "Fakitale ya mabasi m'nyumba mwathu muno!"

"Ine ndimati dzanja lachira," anatero a Matayala. "Ndibwerere kwathu."

Mzime anatsitsa foni. "Kukatani, Ababa? Muno mwakhazikika. Poyamba paja munkangoyang'ana khoma, lero onani mmene mukusangalalira. Tidzakambirana."

"Tidzakambirana" ameneyu a Matayala ankamudziwa bwino. Anamuphunzitsa Mzime ndi iwo omwe, ali mwana, nthawi imene ankalirira njinga.

Anaganiza kuti ngati luso ndilo lawamanga, kuli bwino alisiye. Katoni ija sanaitsegule. Mzime atafunsa, anangoti, "Dzanja likukana." Kabodza kakang'onoko kanabala zazikulu. Nkhope ya Mzime inagwa. Sizasi ndi singano anazikweza pamwamba pa kabati. Kapu yawo yadothi inasowa, m'malo mwake kunabwera yapulasitiki. Chakudya chinayamba kufika chodulidula ngati cha mwana wongomera mano. Tsiku lina anamumva pafoni akufunsa ngati kungapezeke munthu woti aziwayang'anira masana.

Apa a Matayala anagwira njakata. Akasoka bwino, akuti akhazikika, asapite. Akaleka, akuti matenda abwerera, asapite. Njira zonse ziwiri zinkathera pachitseko chomwecho. Masana onse ankangokhala moyang'anizana ndi botolo lagalasi lija, akumvetsera mabasi akusintha magiya kumsewu, n'kumadziwa ndi khutu lokha dalaivala amene akuzunza injini. Timaluwa ta m'botolomo sitifuna madzi ambiri, koma Mzime ankatithirira m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, n'kutseka chivundikiro kuti fumbi lisalowe. Masamba a m'munsi anali atayamba kuola. Bambowo ankatimvera chisoni, ndipo sanali kudziwa kuti angamuuze bwanji munthu amene akuthirira ndi mtima wonse.

Tsiku lina lopuma, mkamwini atatuluka, Mzime anakoka mpando n'kuyamba kuwawenga zikhadabo. Atafika padzanja lamanja, a Matayala anamugwira pamkono, zolimba.

"Ukumva? Limeneli ndi dzanja la munthu wodwala?"

Mzime anayang'ana dzanjalo, kenako nkhope yawo. "Ndiye mumandiopsezeranji, Ababa?"

"Ndasowa pogwira, mwanawe. Ndikasoka wandimanga, ndikaleka wandimanga. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndakhalitsa. Ndiperekeze kwathu."

Mzime anawerama. Anakhala akutembenuzatembenuza kowengera zikhadabo m'manja.

"Kunyumba kuja kuli anthu, Ababa. Ndinaikamo banja lina. Akuba anali atayamba kuzula mazenera."

A Matayala anamusiya mkono. Tsopano anamvetsa chimene chinawatsamwitsa a Kondakitala.

"Bedi langa?"

"Lili kwa achimwene."

"Mpando wa amayi ako?"

"Nawonso uli komweko."

"Osandifunsa?"

"Mukanakana." Misozi inali itayamba kale. "Inu simukudziwa mmene ndinakupezerani. Ndinagogoda, osayankha. Nditasuzumira pazenera ndinaona phazi lanu lokha kuseri kwa tebulo, nyerere zikuyenda pamwendo. Ndinathyola chitseko chija ndikudziwa kuti ndapeza maliro. Mpaka lero foni ikalira ndili kuntchito, ndimaona phazi lomwelo. Ndikakiya chitseko ichi m'pamene ndimapuma."

A Matayala anafuna kukalipa, koma mkwiyo unasowa pokhala. Amene anawalanda nyumba anali mwana yemwe uja ankamunyamula paphewa kukamuonetsa basi, ndipo anawalanda chifukwa cha mantha. Zinawawawa kwambiri, ndipo panalibe woti amutukwane.

"Iwe ukapuma, ine ndimabanika," anatero motsitsa mawu. "Ndayendetsa anthu moyo wanga wonse. Ngozi ndinkaiopa kuposa iweyo, chifukwa ndinaziona ndi maso angawa. Koma sindinasiyepo basi m'galaja poopa ngozi. Udzandipeza muno tsiku lililonse ukaweruka, zoona. Koma tsiku lina udzatsegula chitsekocho n'kupeza munthu wongopuma, wosakhalanso bambo ako."

Mzime anatolera zikhadabo m'dzanja lake n'kulowa kukhitchini, ndipo mpopi unatsegulidwa nthawi yaitali kuposa yosambira m'manja.

M'mawa mwake a Matayala sanatuluke kukatsanzikana nawo. Anagona chagada akuyang'ana timabasi tawo ta kudenga, khutu lili kuchitseko. Anamva mkamwini akutsika. Anamva nsapato za Mzime zikuzungulirazungulira pabalaza, zikuima, zikuyendanso. Chitseko chinatsekedwa. Kenako kiyi anazungulira monga mwa masiku onse, ndipo nsapato zija zinatsika masitepe mpaka kuzimirira.

Basi, zatha. Nyumba yapita, ndipo chitseko n'chomwecho. Anakhala pabedi nthawi yaitali osaona chifukwa chodzukira, mpaka ludzu linawatulutsa.

Patebulo panali kapu yawo yadothi, sizasi ndi singano pambali pake. Mtima uli chiwawire, anangoti ndiye kuti akufuna fakitale itsegulidwenso. Koma potembenuka diso lawo linakodwa pacholendewera chachikulu chija. Chinali chitapendekera. Timabasi ta mbali imodzi tinali titagwera pansi, ta mbali inayo tili m'mwamba.

"Ndani wapakira katundu chonchi?" anang'ung'udza, akudzikokera pafupi.

Kumapeto kwa kamtengo ka pamwamba kunali kulendewera kiyi wachiwiri wa chitseko, womangidwa ndi ulusi wofiira. Mfundo yake inali yachibwana, yobwerezabwereza, ya manja a Mzime. A Matayala anaimasula ndi dzanja lamanja, osafulumira, ndipo kiyi atachoka timitengo tonse tinawongoka.

Chitseko chitatseguka, mphepo ya m'masitepe inalowa ndi fungo la utsi wa galimoto. Kumbuyo kwawo timabasi tinagwedezeka, kenako tinayamba kuzungulira, kofiira patsogolo, tinzake tikutsatira. Chisokereni anali asanationepo tikuyenda.

Masitepe anaoneka otsetsereka kuposa mmene ankawakumbukirira. Panalibe wowagwira. Kwawo kobwerera kunalibenso. Anaima pamenepo mpaka mtima unaleka kugunda m'makutu. Kenako anaponya kiyi m'thumba la malaya, nagwira chitsulo cha m'mbali ndi dzanja lamanja, natsitsa phazi lodwala lija poyamba.

Batire la wailesi linali lisanagulidwebe.