Mlongoti Wothamangitsa Mvula

Herminia Chauca anafika pamwamba pa phiri ali wefuwefu, n'kupeza ntchito yake ya zaka zitatu ili kwala pansi. Mlongoti umene unkayenera kuliza lipenga kumudzi nyanja ikasefukira amuna a m'mudzimo anali ataugwetsa ndi chingwe. Wotsogolera gululo anali malume ake enieni, a Teófilo, tsaya lili tutumu ndi masamba a koka amene ankatafuna.

Zinamukwana. Anawafotokozera kangati anthu amenewa? Pamwamba pa nyanjayo pakulendewera madzi oundana, ndipo chibuma chachikulu chikadzagwera m'menemo, mpanda wa miyala wotchinga madziwo sudzapirira. Anayeza yekha ali m'bwato, zala zitachita dzanzi ndi chisanu. Madzi adzafika kumudzi m'mphindi makumi atatu, ndipo nyumba yoyamba m'mbali mwa mtsinje ndi ya mayi ake, amene amayenda ndi ndodo.

"Amalume, n'chiyani mwachitachi?"

"Tamasula mvula, mwana wa mlongo wanga. Chiimikireni chitsulo chakochi, mitambo imangosuzumira n'kubwerera. Mbatata zapserera. Tidya lipenga ife?"

"Chimenechi chimangoyang'ana madzi basi! Za mitambo sichidziwa n'komwe!"

"Eti, ndi zimene munakaphunzira ku mzinda wa Lima? Nyanjayi ili ndi mwini wake. Makolo ankaipatsa koka ndi kachasu, osati kuibaya ndi zitsulo."

"Nanga ya kuchigwa chinacho, imene inakokolola anthu ija, sinkamwa kachasu?"

"Amenewo kachasu wawo ankamuthira madzi," anatero wina kumbuyo, ndipo onse anafa nacho chikhakhali.

Herminia anagwada n'kuyamba kutola mawaya, akudzilankhulira. Zoonongekazo zinali zokonzeka. Chilala chikangopitirira mwezi umodzi, madodawa adzachita manyazi, ndipo adzaudzutsa okha mlongotiwo. Iye, mwana wa mlimi, anapemphera ndi mtima wonse kuti kumwamba kukhalebe gwaa.

Dontho loyamba linagwera pa galasi losweka la sola. Lachiwiri linamumenya pakhosi. Kenaka inakhuthuka mvula yeniyeni, ya mkokomo, ndipo amuna aja anavula zipewa n'kuyamba kukumbatirana. Herminia anayang'ana nyanja ikulandira madzi atsopano popanda choiyang'anira. Anadziwa kuti pamalo amenewo sipadzaimanso mlongoti.

A Teófilo anakulunga chingwe chija bwinobwino n'kumukoleka paphewa, akumwetulira ngati amupatsa mphatso.

"Usakwiye, injiniya. Potsika ukawasiyire mayi ako chingwe chawochi. Ukawauze kuti chagwira ntchito."