Pepala la pa Msomali

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti kadamsana achitike, Mageti anapeza pepala limene linamuumitsa malovu m'kamwa.

Dzina lakuti Mageti anam'patsa ndi anthu, chifukwa mumsewu wawo munalibe mpanda umene geti lake sanawotcherere iyeyo. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Koma anali ndi matenda amodzi amene mkazi wake anawagonjera: pepala lililonse lofika m'manja mwake ankalembapo miyeso. Envelopu, chikuto cha buku, ngakhale khadi la ukwati wa mlamu wake, zonse zinkathera pa msomali wautali wa m'shedi mwake, kuseri kwake kutalembedwa mulitali ndi mulifupi wa mageti a eni ake.

M'mawa umenewo anali atadula magalasi akuda atatu, a mtundu wakuda zedi wa pa chisoti chowotcherera, oti adzayang'anire dzuwa iyeyo, mkazi wake ndi bambo ake. Pofuna chokulungira, anasolola pepala limodzi pa msomali paja. Mbali ina panali miyeso ya geti la zitseko ziwiri. Atalitembenuza anaona chidindo cha chipatala cha maso, dzina la bambo ake, ndi tsiku loti abwere nawo kudzawachotsa ng'ala. Tsikulo linali litadutsa ndi milungu isanu.

Anakhala pa chitsulo chimene chinali chisanazizire bwino, ndipo sanamve n'kutentha komwe.

Bambo ake a Mageti ankadziwika kuti a Choko. Anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo chaka chilichonse ankajambula kadamsana pa bolodi: chinthu chakuda chozungulira, m'mbali mwake mphete yoyera ya tsitsi losapesa. Ana masauzande anaiona mpheteyo kuchokera m'manja mwawo, koma eni akewo anali asanaioneko kumwamba. Kamodzi, adakali ndi mphamvu, anauthamangira kadamsana ulendo wa masiku awiri pa basi. Pobwera anauza anthu kuti anakaona mitambo yokongola kwambiri.

Tsiku la kadamsana uyu analilemba ndi choko kuseri kwa chitseko cha kabati zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Mayi ake a Mageti atamwalira, a Choko anasamukira kwa mwana wawoyo, ndipo anakana kukwera galimoto kabatiyo isanakwere. Kwawo kuno dzuwa lidzangolumidwa mbali imodzi. Kuti munthu aone mdima weniweni ndi mphete ija, anayenera kuyenda maola asanu ndi awiri pa galimoto. Mageti analonjeza kalekale kuti adzawatenga.

Kenako maso anayamba kuchita ng'ala. Nyuzipepala anaisiya, nkhope za anthu anayamba kuzidziwira mawu. Miyezi itatu yapitayo Mageti anapita nawo ku chipatala, ndipo dokotala anati ndi ntchito ya mphindi zochepa, munthu amaona ngati mwana. Potuluka, namwino anam'patsa Mageti pepala la tsiku la opareshoni. Nthawi yomweyo foni inalira, kasitomala akufuna geti la zitseko ziwiri. Pensulo inali kale kukhutu.

Madzulo ake bambo atafunsa za tsiku, Mageti anapisa m'matumba, osalipeza pepala, ndipo ulesi unamuyankhira.

"Ati atiimbira foni, bambo."

Ankati mawa alifunafuna. Mawalo kunabwera ntchito ya mawindo a sukulu, mkuja kunabwera ina. Lamlungu lililonse bambo ankafunsa, iye n'kubwereza zomwezo, mpaka bodza lija linakhazikika m'nyumba ngati mpando. Nthawi zina ankakwiya nawo ndithu a chipatala chifukwa chosaimba.

Tsiku lomwe anapeza pepalalo anatseka shedi n'kuthamangira ku chipatala ali mu ovolosi. Kalaliki wa pa windo anali mayi wodekha, wa magalasi olendewera pa chingwe. Anawerenga kutsogolo kwa pepala, kenako anatembenuza n'kuwerenganso kuseri.

"Geti limeneli linatha?" anafunsa.

"Linatha, mayi."

"Chabwino, china chake chinatheka. Dzina la bambo anuwa tinaliitana katatu tsiku limene lija. Madokotala a ng'ala amabwera kwa sabata imodzi, n'kupita kwina. Abweranso pakatha miyezi inayi. Ndiwalembe?"

Mageti anachonderera. Anafotokoza za kadamsana, za kabati, za zaka makumi atatu ndi zinayi. Mayi uja anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo chifundo chake chinamuwawa kuposa chipongwe. Anati ngakhale dokotala atapezeka lero, diso lochitidwa kumene opareshoni salitengera pa msewu wa fumbi kukayang'ana dzuwa. Analemba tsiku latsopano pa kakhadi, n'kumuuza kuti aike m'chikwama, osati kufupi ndi pensulo.

Atafika kunyumba anapeza sukulu ili mkati. A Choko anali atayala mapu patebulo, ngakhale kuti sankawaona. Mzere wa kadamsana anali ataumata ndi ulusi kuti aziutsata ndi chala. Mpongozi wawo, mkazi wa Mageti, anali ataimitsidwa pakati pa chipinda atanyamula chivundikiro cha poto.

"Wafika nthawi yabwino," anatero a Choko. "Tenga tochiyo, ndiwe dzuwa. Apongoziwa ndi mwezi. Ine dziko lapansi, poti ndine wakale."

"Mwezi wanu watopa, bambo," anatero mpongozi akuseka. "Madzi a tiyi akuphwa pamoto."

"Mwezi sudandaula. Sunthani pang'ono kumanzere. Eya! Pamenepo mbalame zikhala chete, mphepo izizira. Magalasi akuda aja tiwachotsa, koma pokhapokha dzuwa litaphimbika lonse, mwamva? Mphindi zitatu ndi masekondi khumi. Munthu wopita kokataya madzi nthawi imeneyo si mwana wanga."

Mageti anagwira tochi. Kuwala kunagwera pa nkhope ya bambo ake, ndipo anaona bwinobwino zoyera ziwiri zija pakati pa maso awo. Anachita manyazi oti akanatha kulowa pansi pa tebulo.

"A chipatala sanaimbebe?" anafunsa a Choko akupinda mapu.

"Sanaimbe, bambo."

"Basi, ali ndi anthu ambiri. Komabe mphete ija ndi yowala, mwina ndidzaionako mbuu. Tisawadandaule."

Kuyambira tsiku limenelo Mageti anasanduka mwana wabwino mochititsa mantha. Anasintha matayala onse a pikapu yake. Anawotcherera kampando kopinda, kotsamira chagada, koti bambo adzayang'ane kumwamba khosi lisakupweteka. Anaimbira foni malo ogona alendo katatu kutsimikiza kuti chipinda cha bambo chili pafupi ndi bafa. Anayeza pa mapu malo oimapo kuti adzawongole miyendo, anamangirira ambulera, anaikamo bulangete la kuzizira kwa mphindi zitatu kuja. Chilichonse chimene ankawonjezera m'galimoto chinkangomulemera pamtima.

Lachinayi mkazi wake anam'peza akutsuka pikapu kachiwiri tsiku limodzi. Anaima atapinda manja, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Inu, galimoto imeneyi chiigulireni simunaitsukepo pansi pake. Mwalakwa chiyani?"

Mageti anayesa kuseka, koma kuseka kunakana. Anatulutsa pepala lija m'thumba la pachifuwa n'kum'patsa. Mayiyo anawerenga mbali zonse ziwiri, ngati kalaliki uja, ndipo misozi inalengeza.

"Ine ndakhala ndikuyenda ndi foni mpaka kubafa," anatero motsitsa mawu, "kuopa kuti angaimbe ine kulibe. Bambo amandifunsa mukachoka, kuti mwina anatenga nambala yanga."

"Ndiwauza tikabwerako. Ndisawaonongere ulendo."

"Ulendo munauononga kale. Chatsala n'choti muwauze. Ine sindikhala maola asanu ndi awiri pakati pa inu ndi bambo, pepala limeneli lili m'thumba mwanu. Mukapanda kunena, mupita awiri."

Loweruka masana, kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, a Choko analamula kuti zipangizo ziyesedwe. Mphunzitsi salowa m'kalasi ndi chinthu chosayesa. Kampando kaja kanatambasulidwa pabwalo, pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi mulu wa zitsulo. Anakhalapo, anatsamira, anayamikira mmisiri. Kenako Mageti anawapatsa galasi lawo, limene analikulunga m'mbali ndi tepi kuti lisawacheke.

Analiika pamaso n'kuyang'ana kumwamba. Anasuntha mutu uku ndi uku. Anapukuta galasi ndi malaya, n'kuyesanso diso limodzi, kenako linalo.

"Dzuwa lili pamenepa?" anafunsa akuloza.

"Kumanja pang'ono, bambo."

"Apa?"

"Pomwepo."

A Choko anapenyetsetsa. "Ndikuona ngati munthu wayatsa nyali kuseri kwa katani. M'mphepete mwake mulibe." Anatsitsa galasi n'kuliika pa bondo. "Ngati dzuwa lathunthu likuoneka chonchi, mphete ija ndiye ayi. Akanaimba anthu aja, bwenzi zili bwino. Koma usawakwiyire, mwanawe, wachita mbali yako. Taona mpando wokha."

Mawu amenewo ndi amene anamuthyola. Mageti anagwada pa simenti yotentha, pambali pa kampando kake kokongolako.

"Bambo, a chipatala sananene kuti adzaimba. Anandipatsa pepala la tsiku. Ndinalembapo miyeso ya geti, ndinalibaya pa msomali, ndinaliiwala. Tsiku linadutsa mwezi watha. Anakuitanani katatu. Ndakhala ndikukunamizani Lamlungu lililonse."

Anawaika pepalalo m'manja. A Choko sakanatha kuliwerenga, koma analipapasa mpaka chala chinapeza bowo la msomali, n'kuima pomwepo. Mpongozi anali pakhomo la khitchini, mbale ili m'manja.

"Geti la ndani?" anafunsa a Choko.

"La adokotala a ziweto aja, kumtunda."

"Likutseguka bwino?"

"Bambo, chonde, ndikalipireni."

"Kuiwala ndikukumvetsa, unayamba uli wamng'ono. Unaiwalapo nsapato imodzi kusukulu. Koma ukanandiuza sabata yoyamba kuti pepala latayika, ndikanapita ndekha ndi ndodo yanga kukafunsa. Miyendo ndili nayo. Unandikhazika pansi kudikira foni." Mawu awo sanakwere. "Zandipweteka, mwanawe. Sindikubisira."

Mageti analira ngati si bambo wa ndevu za imvi. Analankhula zambirimbiri zosalongosoka: kuti tsiku latsopano lilipo, kuti khadi lili m'chikwama, kuti maso akadzachira adzawatenga kukaona kadamsana wina, kulikonse kumene adzachitikire.

"Wina amene pikapu yakoyi ingakafike adzabwera pakatha zaka makumi awiri ndi zitatu," anatero a Choko. "Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi. Masamu unkakhoza."

Anadzuka okha, anakana dzanja, n'kulowa m'chipinda mwawo. Chitseko cha kabati chinamveka kulira. Mageti anatsala pabwalo akuganiza kuti bambo akufufuta tsiku lija, ndipo analibe nkhope yokawaletsera. Mkazi wake anabwera kudzaima pambali pake.

Patapita ola a Choko anatuluka atavala chipewa cha paulendo, chikwama chaching'ono chili m'manja. Anachiika pafupi ndi tayala la pikapu, n'kukhalanso pa kampando.

"Iwe, tenga galasi lako. Yang'ana dzuwa. Undiuze ukuona chiyani."

Mageti anapukuta m'maso n'kuyang'ana. "Ndi lozungulira, bambo."

"Mwana wa mphunzitsi wa sayansi, yankho lake n'kukhala lozungulira! Mtundu wake? M'mphepete mwake mwasalala kapena mukunjenjemera? Kukula kwake? Si iwe wa miyeso?"

"Ndi lobiriwira pang'ono, chifukwa cha galasi. M'mphepete mwasalala ngati wadula ndi makina. Kukula ngati wasala, kachitsulo kobowola pakati kaja ka pa bawuti yaing'ono, ndikatambasula mkono."

"Ehe, wayamba. Tibwereza mawa m'njira, mtengo uliwonse, phiri lililonse, mpaka pakamwa pako paphunzire. Mphindi zitatu ndi masekondi khumi si nthawi yoti munthu azifunafuna mawu."

Anapisa m'thumba la malaya, anatenga galasi lawo lokulungidwa ndi tepi lija, n'kulitambasulira kumene kunali mawu a mwana wawo.

"Ili ukabwezere pa chisoti chako, lili ndi ntchito kumeneko. Mdima ndikauona ndekha, umenewo sufuna dokotala. Iwe ukandionere mphete ija. Ndinaijambula zaka makumi atatu ndi zinayi, ndikufuna ukandiuze ngati ndinkawanamiza ana a eni ake."