Mapilitsi m'Kachitini ka Mabatani

Phazi la amayi linakana kulowa mu nsapato. Kwa telala imeneyi si nkhani yaing'ono, chifukwa phazi ndilo limapalasa makina. Madiresi a ukwati anangounjikana patebulo, makina ali zii.

Amayiwa anali ndi matenda a shuga, ndipo kusamba anasiya kalekale. Tsiku lina mwana wawo wamkazi, amene ankawathandiza kusita zovala, anatsegula kachitini ka mabatani. Anapezamo mapilitsi a shuga okhaokha, odzaza mpaka pakamwa.

"Amayi, mankhwalawa akutani muno?"

"Ndinawapumitsa," anayankha amayi, maso ali pansalu. "Kasitomala wina anandiuza kuti mkazi akasiya kusamba, impso zimasowa chozitchinjiriza. Akuti m'soya muli zinthu zofanana ndi mahomoni a akazi. Ndiye ndikumwa ufa wa soya. Zachilengedwe, mwanawe."

"Nanga kutupaku n'kwachilengedwenso?"

Amayi anali munthu wosagonja pa mtsutso, makamaka kwa mwana wobereka okha. Koma phazi linali pomwepo, lonyezimira. Mwanayo anachita mantha, ndipo sanabise. Mawa lake anapita nawo kuchipatala.

Namwino anawayeza magazi ndi mkodzo, kenako anakoka mpando.

"Amayi, impso zanu zayamba kutaya zomanga thupi mumkodzo. Shuga akakwera amawononga impso mwakachetechete. Mwayi wanu mwabwera msanga."

"Ndiye kasitomala uja anandinamiza?"

"Sananame zonse. N'zoona kuti m'soya muli zinthu zofananako ndi mahomoni amene amachepa mkazi akasiya kusamba. Akatswiri akufufuzabe ngati zimatetezadi impso, ndipo yankho lenileni silinapezeke. Inu ndinu telala. Chigamba chingagwire popanda ulusi?"

"Chimagwa," anavomera amayi monyinyirika.

"Mankhwala anu ndiwo ulusiwo. Soya idyani ngati chakudya, pa muyezo umene tikuuzeni, chifukwa impso zofooka sizifuna zomanga thupi zochuluka. Mchere muchepetse, ndipo muzibwera kudzayezetsa."

Amayi anayambiranso kumwa mankhwala, ndipo adokotala anawonjezera ena oteteza impso. Pang'onopang'ono kutupa kunaphwa. Atapitanso kukayezetsa, namwino anawauza kuti shuga watsika ndipo impso sizikuwonongekanso ngati kale. Makina anayambanso kusokosa, moti oyandikana nawo anadziwa okha kuti telala wadzuka.

Kasitomala uja atabwera kudzayesa diresi, amayi anamuimika pagalasi, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Achemwali, wakutsina khutu ndi mnansi. Soya ndi chakudya chabwino, koma salowa m'malo mwa mankhwala a shuga. Mukamva za chinthu choteteza impso, kafunseni kaye kuchipatala, ndipo musasiye mankhwala panokha. Ine ndikanataya impso zanga."

Kenako anatsegula kachitini kaja kuti asankhe batani la diresilo. Munali mabatani okhaokha.