Mapilitsi a M'thumba la Mpunga

A Hawa anaponya kapepala ka mapilitsi pamphasa, n'kupukuta manja pachitenje.

"Nawu umboni, a Shaibu. Zaka zisanu mlongo wanga akudikira mwana, chonsecho mwana wanuyu akumwa mankhwala olera mobisa."

Shamila anangoti zyoli. Ankadziwa kuti alamu akewo sanachoke ku Songani kudzacheza. Anabwera kudzatenga mlongo wawo Yasini kuti banja lithe, ndipo mkazi wina anali atamupezera kale. A Shaibu, malume ake a Shamila omwenso anali ankhoswe, anakhala pachitsa. Yasini anali atangofika kuchokera kunyanja, matope a Chilwa akadali m'miyendo, ndipo sankamuyang'ana n'komwe mkazi wakeyo. Zimenezo n'zomwe zinamuwawa Shamila kuposa mawu onse a a Hawa.

"Ndawapeza m'thumba la mpunga, pansi penipeni," anapitiriza a Hawa. "Mankhwala abwino amabisidwa mumpunga?"

A Shaibu anatola kapepalako n'kukatalikitsa, poti maso anali atayamba kuwakana. Anawerenga pang'onopang'ono. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Olera ndithu, mayi, simunaname. Inenso ndalerera ana asanu ndi awiri mankhwala omwewa."

"Mukuseka chiyani pa nkhani ya banja?"

"Uyutu ndi zinki. Uja amapereka pamodzi ndi Thanzi mwana akatsegula m'mimba. Kwanuko ana satsegula? Safunsa anadya phula, mayi."

A Hawa anakatsomphola kapepalako, kukatembenuza uku ndi uku. Kuwerenga sankadziwa, koma atakayang'anitsitsa anakazindikira.

"Nanga munthu wamkulu ngati ameneyu amwerenji za makanda?"

Shamila analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku kake ka kuchipatala. Zinthu zotere sanena pamaso pa malume, koma tsiku limenelo manyazi akanamudyera banja.

"Mwezi wathawu ndinapita kuchipatala ku Zomba, tsiku lomwe ndinati ndikukagulitsa matemba. Anandiunika. Akuti m'thumba la mazira muli timatuza tambirimbiri, n'chifukwa chake ndimadumpha miyezi, ndiponso tindevu ndimazula aja n'tomweto. Adokotala anati amayi ena a vuto limeneli zinki amachepa m'thupi, choncho anandilembera kuti ndiwonjezere. Sanati ndi wobereketsa ayi. Anati chithandizo china chilipo, ndipo ambiri amabereka, koma tipite tonse ndi amuna anga."

Apa m'pamene Yasini anadzutsa mutu.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinkaopa. Ndinkati mukamva kuti vuto lili mwa ine, munyamula ukonde wanu n'kumapita."

Usiku ndi usana Shamila anali akunyamula mantha amenewo yekha, ndipo tsopano anali atawatula.

A Hawa sanafune kubwerera chimanjamanja.

"Wamva wekha, Yasini. Wavomera ndi pakamwa pake kuti vuto ali nalo. Udikira mpaka imvi?"

Yasini anatambasula dzanja, osati kwa mlongo wake koma kwa mkazi wake, n'kulandira kabukuko. Anakavundukula nthawi yaitali, ngakhale kuti zolemba za adokotala sizinkamveka ndi kwa iye yemwe.

"Achemwali, mayi munandipezerayo mukamuuze asataye nthawi yake," anatero. Kenaka anatembenukira kwa Shamila. "Anati tipite liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi sindilowa m'madzi. Ndipo mapilitsiwo uziika pawindo, usamatiipitsire mpunga."

Shamila anafuna kuseka, koma zomwe zinatuluka ndi misozi. Anakhala pansi pamphasa paja n'kulira momasuka, pamaso pa onse, osabisa nkhope.